Chigumula Chopanda Utawaleza: Za Masewera Omanga Mizinda pa Dziko Lomira

Mwina ena mwa owerenga athu adzadabwa kuona kuti masamba ano, amene adazolowera kunyamula nkhani za Malembo Oyera, za Abambo a Eklezia ndi za miyambo ya anthu, lero apereka malo ku masewera a pa kompyuta. Kudabwa kumeneku nkomveka. Koma tikumbukire kuti nthano zimene mbadwo umazikonda kwambiri zimaulula zimene mbadwowo ukuopa ndi zimene ukulakalaka, ndipo nthano zambiri za mbadwo uno sizikukambidwanso pa moto madzulo, ngakhale m'mabuku. Achinyamata akuzilowa okha ndi zala zawo, maso ali pa galasi la kompyuta. Boma la Poland lidazindikira zimenezi m'chaka cha 2020, pamene lidalengeza kuti masewera otchedwa This War of Mine, onena za anthu wamba otsekeredwa mumzinda wa nkhondo, aikidwa pa mndandanda wa zimene ophunzira akuluakulu angagwiritse ntchito kusukulu. Tsono ngati aphunzitsi adaonamo nkhani yoti nkuphunzitsa, wansembe sangangopukusa mutu nkunena kuti nzachibwana.

Mtundu umene tikufuna kuuyesa pano ndi uja umene wosewera amapatsidwa kagulu ka anthu opulumuka pa dziko limene lamira, nauzidwa kuti awamangire mudzi mpaka usanduke mzinda. Kumanga mizinda pa kompyuta si kwachilendo. Kudatchuka ndi SimCity, masewera amene Will Wright adatulutsa ku America m'chaka cha 1989, m'mene wosewera ankalambula misewu, kuika misonkho ndi kuyang'anira magetsi. Kumeneko wolephera ankangotha ndalama. Chimene chidasintha pambuyo pake nchakuti kulephera kudasanduka imfa ya anthu. Amene adatchukitsa kwambiri kachitidwe katsopanoka ndi kampani ya 11 bit studios ya ku Warsaw, yomwe idapanganso This War of Mine uja. M'chaka cha 2018 idatulutsa Frostpunk, m'mene dziko silidamire koma lidauma gwa ndi chisanu, ndipo anthu otsala adaunjikana mozungulira ng'anjo imodzi yaikulu ya malasha. Ngakhale mulibe chigumula m'menemo, tiwatchulanso kutsogoloku, pakuti ndi pachibale ndi masewera a madzi amene tawaika pa muyeso.

Oyamba mwa masewera a madziwa ndi Flotsam, opangidwa ndi kagulu kakang'ono kotchedwa Pajama Llama Games mumzinda wa Ghent ku Belgium, amene adayamba kugulitsidwa mu Seputembala 2019 akadakonzedwabe. Muno mtunda ngwosowa. Chimene chatsala ndi tizilumba ndi madenga a nyumba zakale. Wosewera amayamba ndi bwato limodzi ndi anthu owerengeka. Anthuwo amasambira kukatola pulasitiki ndi mitengo yoyandama. Mitengoyo amayamba aiyanika, pakuti yonyowa ilibe ntchito. Pulasitiki amaisandutsa timilatho toyendapo. Madzi a m'nyanja amawawiritsa kuti mchere utsale. Pang'onopang'ono bwato lija limamera mudzi m'mbali mwake, ndipo mudzi wonsewo umayenda pa nyanja kufunafuna zinyalala zina ndi anthu ena otsalira. Zithunzi zake nzowala ngati za m'buku la ana: dzuwa, mbalame, mafunde ofatsa. Munthu akhoza kusewera maola atatu osakumbuka konse kuti pansi pa madzi okongolawo pagona mizinda yathunthu pamodzi ndi eni ake.

Achiwiri ndi Floodland, a kampani ya Vile Monarch ya ku Warsaw komweko, amene adatuluka pa 15 Novembala 2022. Oyambitsa kampaniyi adagwirako ntchito ya This War of Mine, ndipo dzanja lawo limazindikirika. Kuno nyanja idakwera chifukwa cha kusintha kwa nyengo kumene anthu adadziputira okha, nisiya madambo, zilumba ndi mabwinja. Wosewera amasankha limodzi mwa mafuko anayi, ndipo mafukowa amasiyana maganizo pa nkhani ziwiri. Ena amafuna kubwezeretsa dziko lakale, pamene anzawo amati lakalelo ndilo lidatimiza, tiyambe lina. Ena amakonda ufulu wa munthu payekha, pamene anzawo amafuna dzanja lolimba la wolamula. Mzinda ukamakula, mafuko ena amabwera kudzakhala nawo, ndipo lamulo lililonse limene wosewera akhazikitsa limakondweretsa awa nilikwiyitsa awo. Mkwiyowo ukachuluka, ntchito imaima ndipo mudzi umagawanika.

Tisanadzudzule, tiyenera kuyamika, pakuti pali zoona zina zimene masewerawa amaziphunzitsa bwino kuposa ulaliki wambiri umene tidaumvapo. Choyamba nchakuti mdani woyamba wa munthu wozingidwa ndi madzi ndi ludzu ndi matenda. Mu Floodland chakudya chidagawidwa pawiri, chokayikitsa ndi chabwino, ndipo wosewera amene athamangira kumanga zazikulu asadakonze za madzi akumwa ndi khitchini amaona anthu ake akugwa mmodzimmodzi. Ife amene tidaona kolera ikuyamba m'dziko muno mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa, nkupha anthu oposa 1,700 isadaleke, sitingatsutse phunziro limeneli. Chachiwiri, ndipo ichi nchozama, nchakuti chigumula sichichotsa ndale. Anthu makumi asanu opulumuka pa chilumba chimodzi sasanduka abale chifukwa choti avutikira pamodzi. Amabwera ndi maganizo awo akale, ndi nsanje zawo, ndi kukumbukira kosiyana za chimene chidalakwika. Wansembe aliyense amene adagawako ufa pa msasa wa anthu othawa madzi akudziwa kuti mkangano wa pa mzere suchedwa. Pamenepa Floodland adanena zoona, ndipo ndi chifukwa chake tikuwaika pamwamba pa Flotsam, amene anthu ake ngofatsa mopitirira muyeso wa ana a Adamu.

Koma tsopano tifunse funso limene tiyenera kufunsa nthano iliyonse: kodi yatikhazika pa mpando uti? Pa masewera onsewa wosewera sali m'madzi. Sanyowa, samva njala, alibe mwana woti nkumwalira. Amayang'ana pansi ali kumwamba, ngati kabawi, ndipo akhoza kuimitsa dzuwa kuti aganize bwino kapena kulithamangitsa kuti usiku uthe msanga. M'mphepete mwa galasi muli manambala: chakudya chakuti, madzi akuti, anthu akuti. Munthu aliyense amalowa m'masamu amenewa kawiri, ngati manja ogwira ntchito ndiponso ngati kamwa yofuna kudyetsedwa. Nzoona kuti mu Flotsam anthu ali ndi maina ndi nkhope zawo, koma wosewera amafulumira kuphunzira kuti chofunika pa iwo ndi ntchito imene amaitha.

Mpando umenewu ngwakale kwambiri, ndipo suli m'buku la Genesis. Aseminale amene adaphunzira Chipangano Chakale akumbukira kuti m'chaka cha 1872 George Smith, akusanthula mapale adothi a ku Nineve m'nyumba ya British Museum ku London, adapeza nkhani ya chigumula ya Ababiloni, imene ili mbali ya nthano ya Gilgamesh. Koma imene ikutikhudza kwambiri pano ndi ina, ya Atrahasis, imene mapale ake odziwika bwino adalembedwa zaka zoposa 1,600 Khristu asadabadwe, ndipo W. G. Lambert ndi A. R. Millard adaisindikiza mwadongosolo m'chaka cha 1969. M'nthano imeneyi milungu ing'onoing'ono idatopa ndi ntchito yokumba mitsinje ndi ngalande, niukira akuluakulu ake. Pofuna kuthetsa mkanganowo, milungu idaumba anthu kuti asenze ntchitoyo. Anthu adachuluka, phokoso lawo lidamsowetsa tulo Enlil, ndipo iye adayesa kuwachepetsa ndi mliri, kenaka ndi chilala ndi njala, potsiriza ndi chigumula. Chigumula chitatha, milungu idapezeka kuti yadzipweteka yokha, pakuti popanda anthu panalibe woipatsa chakudya cha nsembe. Motero idapangana njira yanzeru: anthu akhalepo, koma chiwerengero chawo chisamapitirire, pakhale akazi osabala, pakhale chiwanda cholanda makanda, pakhale akazi opatulidwira milungu amene saloledwa kubereka.

Tiwerengenso ndime imeneyo tili ndi masewera athu m'maganizo. Anthu alipo kuti agwire ntchito ya wina amene ali kumwamba. Akachepa, ntchito imaima; akachuluka, amasautsa. Kudandaula kwawo ndi phokoso loyenera kulichepetsa, ndipo mu Frostpunk phokosolo lili ndi muyeso wake weniweni pansi pa galasi, pambali pa muyeso wa chiyembekezo. Luso lonse la wolamula ndi kupeza chiwerengero choyenera. Sitikunena kuti opanga masewerawa adawerenga Atrahasis. Tikunena kuti aliyense amene ayang'ana anthu ali pa mpando wa Enlil adzafika pa masamu a Enlil, kaya ali ku Mesopotamiya kaya ali ku Warsaw. Akatswiri a Malembo, monga Tikva Frymer-Kensky, adaonetsa kale kuti mlembi wa Genesis akuoneka kuti akutsutsa dala maganizo amenewa. Kwa iye chimene chidadzetsa chigumula si kuchuluka kwa anthu koma chiwawa chimene chidadzaza dziko, ndipo madzi ataphwa, Mulungu sadaike malire a kubereka koma adabwereza dalitso la kuchulukana, nalitchinjiriza ndi lamulo loletsa kukhetsa magazi a munthu, chifukwa munthu adalengedwa m'chifaniziro chake (Gen. 9:1-7).

Ngakhale chingalawa chimene chimasiyana. Mawu a Chihebri amene timawamasulira kuti chingalawa satanthauza chombo choyendetsa koma bokosi, ndipo m'Baibulo lonse amapezekanso pa malo amodzi okha: pa kadengu kamene mayi wa Mose adaikamo mwana wake pa mtsinje wa Nailo. Tauzidwa za utali wake, mikono 300, za m'mimba mwake, mikono 50, ndi za msinkhu wake, mikono 30. Koma za chiwongolero kapena nkhafi sitidauzidwe kanthu, pamene m'nthano ya Gilgamesh wopulumuka adapereka chombo chake m'manja mwa mmalinyero. Chitseko sadatseke ndi Nowa. Adamtsekera ndi Chauta. Ndiponso, chinthu chimene ambiri sachizindikira, Nowa salankhula mawu ngakhale amodzi kuyambira pa kumanga chingalawa kufikira pa kutuluka. Mawu ake oyamba amene adalembedwa ndi temberero la munthu amene wangotsitsimuka ku vinyo. Munthu wotere sangakhale mwini masewera. Palibe amene angagule masewera oti akhale m'bokosi chaka chathunthu akudyetsa nyama ndi kudikira nkhunda. Pamenepa sitikuwaimba mlandu opanga masewera, pakuti masewera amafuna kuti wosewera achitepo kanthu; tikungoti amene akuganiza kuti akusewera nkhani ya Nowa akulakwitsa. Akusewera nkhani ina.

Mpando wakumwambawu umaonekera poyera alendo akagogoda. M'masewera a mtundu uwu nthawi imafika pamene anthu ena opulumuka amapezeka, ndipo wosewera ayenera kusankha kuwalandira kapena kuwasiya. Nthawi zambiri amawalandira, koma tisafulumire kuyamika chifundo chake: amawalandira chifukwa akusowa manja. Tsiku limene nkhokwe zachepa, amawasiya ndi masamu omwewo. Izi zikutikumbutsa Garrett Hardin, katswiri wa za chilengedwe wa ku California, amene m'chaka cha 1974 adalemba nkhani yotsutsa kuthandiza maiko osauka. Iye adayerekeza dziko lolemera ndi bwato lopulumukiramo m'mene muli anthu 50 ndi malo a ena 10 okha, pamene m'madzi mukusambira anthu 100. Nati kukweza onsewo ndi kumiza onse. Fanizoli limamveka lanzeru chifukwa wolinenayo adayamba wadziikira yekha kukula kwa bwato. Masewera nawo amachita chimodzimodzi. Kuchepa kwa nsomba ndi mitengo si lamulo la chilengedwe. Adakulemba ndi munthu mu ofesi kuti masewerawo akome, ndipo wosewera amakulandira ngati choonadi chosatsutsika. Chaka chomwecho cha 1974 ku Bangladesh kudagwa njala yoopsa madzi atasefukira, ndipo Amartya Sen adaonetsa m'buku lake la 1981 kuti chakudya m'dzikomo chinalipo chambiri chaka chimenecho kuposa zaka zoyandikana nacho. Anthu adafa chifukwa madzi adawalanda ganyu ndipo mitengo ya mpunga idakwera. Bwato silidachepe, koma ena adalibe ndalama yokwerera. Njala yotere, imene nkhokwe ili yodzaza koma wina wagwira kiyi, masewera a mzinda umodzi ndi nkhokwe imodzi sadziwa kuionetsa, chifukwa wogwira kiyiyo ndi wosewera mwini wake.

Za chipembedzo tingonena mwachidule. Mu Frostpunk wosewera amafika posankha njira ziwiri zolimbitsira mitima ya anthu, ya chilango kapena ya chikhulupiriro. Akasankha yachiwiriyi amamanga nyumba zopemphereramo, muyeso wa chiyembekezo numakwera. Akapitiriza, amakhazikitsa alonda a chikhulupiriro, ndipo pamapeto pake amadziika yekha kukhala mwini choonadi amene womutsutsa aphedwa. Pemphero muno lilibe wolimva; ndi chipangizo ngati ng'anjo. Komabe tiwachitire chilungamo opanga masewerawa: iwo akudziwa chimene akuchita, ndipo mzinda ukapulumuka amamufunsa wosewera ngati kupulumukako kunali koyenera mtengo umene adalipira. Ife a mu Eklezia, amene mbiri yathu ili ndi masamba m'mene guwa lidabwerekedwa kwa mafumu, tilibe ufulu wokwiya ndi chithunzi chimenechi. Chimatiluma chifukwa tikuchidziwa.

Tsono tifike pa mfundo imene, m'kuona kwathu, ndiyo phata la nkhani yonse. Mphamvu yaikulu ya wosewera si kumanga kapena kulamula, ndi kuyambiranso. Mudzi ukasokonekera, mafuko akadana, matenda akafalikira, pali batani limene limafafaniza zonse nkubwezera dziko loyera, la anthu atsopano amene sadziwa zolakwa zathu. Ndiponso nthano yeniyeni ya dziko lomira imakoma chifukwa chomwecho: chigumula chachita kale ntchito ya batanilo. Chachotsa maboma, ngongole, malire a minda, milandu yakale ndi anthu mabiliyoni amene akadatsutsa mapulani athu, nichisiya bwalo losesedwa loti wanzeru amangepo zimene akufuna. Pansi pa mantha a kutha kwa dziko pabisala chilakolako chakuti dziko lithedi, kuti ife tiyambe bwino. Ndani mwa ife, atatumizidwa ku parishi ya mikangano yakalekale, amene sadalakalakepo mumtima mwake kuti akadapatsidwa malo opanda mbiri?

Buku la Genesis limachidziwa chilakolako chimenechi, ndipo modabwitsa limachiika mumtima mwa Mulungu amene. Pa mutu 6 Chauta aona kuti maganizo a mtima wa munthu ngoipa, amva chisoni kuti adamulenga, natsimikiza zofafaniza. Chigumula ndi kubweza chilengedwe mmbuyo: madzi amene adalekanitsidwa pa tsiku lachiwiri akumananso, ndipo dziko libwerera ku chisokonezo cha pachiyambi. Koma pa mutu 8, ndime 21, atanunkhiza nsembe ya Nowa, Mulungu atsimikiza kuti sadzachitanso zimenezi, ndipo chifukwa chimene chikuperekedwa nchomwe chija chimene chidadzetsa chigumula: mtima wa munthu ukadali woipa kuyambira ubwana. Madzi sadasinthe munthu. Opulumuka asanu ndi atatu aja adatuluka ndi nthenda yomweyo, monga nkhani ya vinyo ikuonetsera ndime zochepa kutsogolo kwake. Chimene chasintha nchakuti Mulungu wadzimanga yekha manja. Wasankha kukhala ndi anthu awa, monga alili, nkuyenda nawo njira yaitali ya Abrahamu, ya Mose, ya aneneri, kufikira pa mtanda, osakhudzanso batani lija. Mawu a Chihebri a chizindikiro cha chipanganochi ndi omwewo amene amanena uta wa nkhondo, ndipo pano chinenero chathu chidatikomera mtima kuposa zinenero zambiri za ku Ulaya: timati utawaleza, uta wa Leza. Mwana aliyense wolankhula Chichewa akaloza kumwamba mvula itakata, amatchula chida chimene mwini wake adachipachika.

Masewera athu amatenga uta umenewu pamene udapachikidwa nkuupereka m'manja mwa wosewera. Sitikuti kutero ndi tchimo, ndipo sitikugwirizana ndi aja amene amaona Satana m'chidole chilichonse. Mwana amene akuumba ng'ombe zadothi nkuziphwanya sakuphunzira kupha. Koma chizolowezi cha maganizo chimaumbika pang'onopang'ono, ndipo munthu amene wathera maola mazana akuphunzira kuti mudzi wovuta mankhwala ake ndi kuufafaniza, adzafunika kuphunziranso kwina kuti madzi akatayika saoleka. Mbiri ya zaka za m'ma 1900 ili ndi olamula amene adaona anthu awo ngati bwalo loyenera kusesa. Ku Cambodia, pakati pa 1975 ndi 1979, a Khmer Rouge adatulutsa anthu onse mumzinda wa Phnom Penh kuti ayambe dziko latsopano lopanda zakale, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka adatha. Si masewera adawaphunzitsa zimenezo, koma mpando umene adakhalapo ngomwewo.

Chimene chikusoweka kwambiri m'masewera a madziwa ndi akufa. Chigumula chidachitika kale nkhani isadayambe, ndipo amene adamira asanduka maonekedwe a malo: denga apa, galimoto yadzimbiri apo, zonse zoti nkuphwasula kuti mupezeke zitsulo. Palibe amene akufunafuna mtembo wa mayi wake. Sitinganene kuti opanga masewerawa sadziwa madzi, pakuti mtsinje wa Oder udamiza mbali yaikulu ya mzinda wa Wrocław ku Poland mu Julaye 1997, ndipo ku Belgium madzi adapha anthu pafupifupi 40 mu Julaye 2021, makamaka m'chigwa cha Vesdre. Koma owerenga athu ali ndi muyeso wawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zidatsikira pa Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, pamene oposa 600,000 adasiya nyumba zawo. Ntchito yoyamba ya otsala sinali kutola zipangizo zomangira. Inali kukumba matope ndi makasu kufuna abale awo, ndipo mabanja ambiri adalira maliro opanda mtembo. Ngongole sizidamire. Malire a minda adakokoloka koma milandu yake idatsala. Ndipo ambiri adabwerera kukamanga pafupi ndi pomwe padagumuka, akudziwa bwino kuti madzi saiwala khwawa, chifukwa kwina kunalibe malo awo. Ku Phalombe mu 1991, monganso ku Zomba mu 1946, anthu adati wadutsa Napolo. Ndipo kaya tiganiza zotani za chinjoka cha pansi pa phiri, mawu amenewo amavomereza chimene masewera sangavomereze, kuti pali mphamvu zimene munthu saziyendetsa ndi chala.

Flotsam tingawakhululukire mosavuta pa mfundo imeneyi, pakuti sadalonjeze kanthu kozama. Ndi nthano yosangalatsa ya anthu osandutsa zinyalala kukhala nyumba, ndipo m'dziko limene mitsinje yadzaza mapepala a pulasitiki, phunziro limenelo si lachabe. Floodland ndiwo ali ndi mangawa, chifukwa adafika pafupi. Adatipatsa mafuko amene akukangana ngati dziko lakale liyenera kubwerera kapena ayi, ndipo mkangano umenewo ukadatha kukhala wa kulapa: tidalakwa chiyani, ndani adalakwa, ndani adalipira? Koma njira ya chitukuko imene wosewera amaikwera ndi imodzi kwa onse, kuchoka pa zinyalala kunka ku matabwa, ku njerwa, ku zitsulo; ndipo cholinga chachikulu cha nthanoyo ndi kudzutsa nyumba yakale yopangira magetsi. Dziko lidamira chifukwa cha njala ya mphamvu, ndipo chipulumutso chake akuti ndi kuyatsanso makina.

Apa takumbuka Flavius Josephus, wolemba mbiri Wachiyuda wa zaka za zana loyamba, amene pofotokoza za nsanja ya Babele adaonjezapo mfundo imene mulibe m'Genesis. Iye akuti Nimrodi adalimbikitsa anthu kumanga nsanjayo kuti italike kuposa pamene madzi angafike, Mulungu akadzafunanso kumiza dziko. Ngati nchoncho, mzinda woyamba wa pambuyo pa chigumula udamangidwa ndi anthu amene sadakhulupirire utawaleza. Nowa potuluka adayamba ndi guwa, natsatiza munda. Adzukulu ake ndiwo adaotcha njerwa m'chigwa cha Sinara. Augustino Woyera, m'buku la 15 la Mzinda wa Mulungu, adaona kale kuti woyamba kumanga mzinda m'Malembo ndi Kaini, pamene Abele sadamange kanthu, pokhala mlendo. Sitikuti kumanga nkoipa, popeza Malembo omwewo amathera mumzinda, ndipo anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa akufunikadi madamu otchinga madzi ndi nyumba za pa mtunda. Koma m'masewera amene tawayesawa guwa likapezeka limakhala nyumba imodzi mwa zambiri, ya mtengo wakuti ndi phindu lakuti, ndipo chimene chimakweza mtima wa wosewera ndi kuona nsanja ikutalika pamwamba pa madzi.

Tiulule kuti ife tomwe, pokonzekera nkhani ino, tidakhala pa mpandowo madzulo angapo, ndipo udatikomera. Pa ulendo woyamba wa Floodland tidalandira fuko lachiwiri mofulumira, tikusirira manja awo, tisadaganize kuti maganizo awo ngotsutsana ndi a eni mudzi. Tidakhazikitsa lamulo limodzi, ena adakwiya. Tidakhazikitsa lina lowapepesa, oyamba aja adakwiyanso. Chakudya chidayamba kuchepa, odwala adachuluka, ndipo njira yokonzera zinthu inalipo ndithu, koma inali yaitali ndi yotopetsa. Sitidaganize nthawi yaitali. Tidasunga mudziwo, tidatuluka, nkuyamba wina pa chilumba chatsopano, ndipo wachiwiriwo udayenda bwino kwambiri. Woyamba uja ukadali m'kompyuta, pa mzere wachiwiri wa mndandanda, ndi anthu ake onse, mafuko awiri osalankhulana, ndi madzi akumwa okwanira masiku ochepa.